Anthu omwewo, fakitale yomweyo: zomwe zinasintha ku Fremont

Mu 1982 kampani ya General Motors inatseka fakitale yake yopanga magalimoto ku Fremont, m'chigawo cha California ku America. Fakitaleyi inali ndi mbiri yoipa kuposa mafakitale ena onse a kampaniyo. Pa tsiku wamba, munthu mmodzi mwa anthu 5 aliwonse ankajomba, ndipo Lolemba ndi Lachisanu zinkanyanya. Mowa unkamwedwa mkati momwemo, chamba chinkasutidwa, njuga ili mkati pa nthawi ya ntchito. Madandaulo olembedwa omwe antchito ankapereka kudzera ku bungwe lawo la United Auto Workers, lomwe ambiri amangoliti UAW, ankaunjikana mpaka kupitirira 5,000 osayankhidwa. Anthu ankanyanyala ntchito mwadzidzidzi, ngakhale atsogoleri a bungwe lawolo asanavomereze. Ena pofuna kubwezera mabwana ankasiya dala botolo la Coca-Cola mkati mwa chitseko cha galimoto kuti likazigogoda mwini wake akagula. Aliyense woyang'ana ali kutali ankafika pa yankho limodzi: anthu a ku Fremont ndi alesi, ndi oononga, palibe angawathe.

Patangopita zaka 2, ambiri mwa anthu omwewo anabwerera m'fakitale yomweyo, ali m'bungwe lomwelo, n'kuyamba kupanga magalimoto abwino kuposa a fakitale ina iliyonse ya General Motors. Nkhani ya momwe izi zinatheka ndi imodzi mwa nkhani zomveka bwino kwambiri pa funso lomwe makampani akuluakulu amaonongerapo ndalama zambiri chaka ndi chaka: chimachititsa munthu kukhutira ndi ntchito yake n'chiyani, nanga chikhalidwe cha pantchito chimachokera kuti?

Tiyambe ndi momwe ntchito inkayendera kale. Pa fakitale ya magalimoto pamakhala mzere wautali womwe umayenda pang'onopang'ono, magalimoto osatha kupanga ali pamenepo, aliyense akuikapo kachidutswa kake. Lamulo lalikulu la General Motors masiku amenewo linali lakuti mzere usaime. Kapitawo ankayesedwa ndi kuchuluka kwa magalimoto otuluka pa shifiti yake, ndiye kuimitsa mzere kunali kumudyera nkhuku yake yoweta. Munthu akaona kuti mabawuti sanalowe bwino kapena mpando waikidwa mopendekeka, ankangoisiya galimotoyo ipite. Wotsatira ankaika zake pamwamba pa cholakwikacho, winanso pamwamba pa zimenezo, mpaka galimoto inkafika kumapeto vuto litakwiririka mkati. Kunja kunali bwalo lodzaza magalimoto oyembekeza kukonzedwa asanagulitsidwe n'komwe.

Taganizirani munthu wogwira ntchito yotere zaka 15 kapena 20. Akudziwa kuti chomwe akupanga n'cholakwika, akudziwanso momwe angachikonzere, koma akangoyankhula amakalipiridwa. Tsiku lililonse fakitale ikumuuza kuti nzeru zake zilibe ntchito, ikufuna manja ake okha. Chida chimodzi chomwe chinamutsalira chinali kalata ya dandaulo, choncho ankailemba pa kanthu kalikonse. Ine sindikuona ulesi pamenepa. Ndikuona anthu omwe anaphunzira bwino lomwe phunziro lomwe malo awo antchito ankawaphunzitsa.

Toyota inalowa m'nkhaniyi chifukwa cha zofuna zake. Kuyambira 1981 boma la Japan, litapanikizidwa ndi America, linachepetsa chiwerengero cha magalimoto omwe makampani ake ankatumiza kumeneko. Honda inali itayamba kale kupanga magalimoto ku Ohio mu 1982, ndipo Nissan inatsegula fakitale ku Tennessee mu 1983. Toyota inkafuna kudziwa ngati kagwiridwe kake ka ntchito kangatheke ndi antchito a ku America komanso ndi bungwe lamphamvu ngati UAW. General Motors nayo inkalephera kupanga galimoto yaing'ono yabwino yoti ipindule nayo, ndipo inkafuna kuona ndi maso ake chinsinsi cha Toyota. Anagwirizana kutsegula kampani yogawana pakati, New United Motor Manufacturing, yomwe inadziwika ndi dzina lachidule la NUMMI. Fakitale inali ya ku Fremont ija, koma oyendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku anali a Toyota.

Bungwe la UAW linaumirira kuti antchito akale ndiwo akhale oyamba kulembedwa. Toyota inavomera ngakhale inali itamva mbiri yawo yonse. Pafupifupi 85 peresenti ya omwe analembedwa koyamba anali a General Motors akale, kuphatikizapo atsogoleri a bungwe omwe ankatsogolera mikangano ija. Kenako anthu pafupifupi 450 anatumizidwa m'magulumagulu ku fakitale ya Toyota ya Takaoka ku Japan, komwe aliyense anagwira ntchito pa mzere kwa milungu ingapo pambali pa mnzake wa ku Japan. A ku Japan mazana angapo nawo anabwera ku Fremont kudzaphunzitsa. Galimoto yoyamba, Chevrolet Nova, inatuluka mu December 1984.

Chomwe chinawadabwitsa kwambiri ku Takaoka chinali chingwe. Pamwamba pa malo a munthu aliyense pankadutsa chingwe chomwe a Toyota amachitcha andon, chofikirika ndi dzanja. Ntchito ya munthu pa galimoto imodzi inkatenga pafupifupi mphindi imodzi. Tinene kuti mkati mwa mphindi imeneyo mabawuti akukana kulowa, kapena wagwetsa chida, kapena wangotsalira. Amakoka chingwe. Nyale imayaka pa bolodi lalikulu kusonyeza malo ake, kanyimbo kamalira, ndipo mtsogoleri wa gulu lake amabwera akuthamanga. Mzere suima pomwepo, umapitirira mpaka pa chizindikiro cholembedwa pansi. Awiriwo akalikonza vutolo galimoto isanafike pa chizindikirocho, mtsogoleri amakokanso chingwe ndipo ntchito imapitirira ngati palibe chachitika. Likakanika, mzere umaima, magalimoto onse a chigawo chimenecho n'kudikira munthu mmodzi.

Chingwe pachokha n'chotchipa, fakitale iliyonse ingathe kuchimanga mawa. Chovuta ndi chomwe mtsogoleri amanena akafika. Ku Takaoka, ndipo kenako ku Fremont, ankafika kudzathandiza, ndipo vuto likabwerezabwereza ankafunsa mwini malowo kuti achite chiyani kuti lisadzachitikenso. Mwina chida n'cholemera, mwina bokosi la zipangizo lili kutali moti munthu amayenda mapazi ambiri pachabe, mwina zipangizo zikubwera zopindika kuchokera kwa ozipanga. Maganizo a wantchitoyo ankayesedwa, ndipo akathandiza ankasanduka njira yatsopano yogwirira ntchitoyo kwa onse. Munthu yemwe kwa zaka zambiri ankadziwa kuti kuulula vuto ndi kudziputira mavuto, tsopano ankaona bwana akuthamangira kwa iye chifukwa waulula vuto. John Shook, mmodzi mwa anthu a ku America omwe Toyota inawalemba ku Japan kuti akonze maphunzirowa, anadzafotokoza pambuyo pake kuti iwo sanayambe ndi kusintha maganizo a anthu. Anayamba ndi kusintha zomwe anthu amachita ndi zomwe zimawachitikira, maganizo n'kutsatira pambuyo.

Chachiwiri chinali wotchi. Pa nthawi ya General Motors, fakitale inali ndi mainjiniya pafupifupi 80 omwe ntchito yawo inali kuima kumbuyo kwa antchito ndi wotchi m'manja, kuyeza masekondi, n'kukalemba mu ofesi momwe ntchito iliyonse iyenera kugwiridwira. Antchito ankadana nawo, ndipo akawaona ankachedwetsa dala manja. NUMMI inapereka mawotchiwo kwa antchito eni ake n'kuwaphunzitsa kuyeza. Gulu la anthu 5 mpaka 7 linkakhala pansi, kuyezana, kukambirana njira yabwino ndi yosapweteka thupi, kuilemba, n'kuipachika pamalo pawo. Ntchito sinamasuke ayi, inali yolembedwa mwatsatanetsatane kuposa kale, sekondi iliyonse ili ndi chochita. Kusiyana kwake kunali kwakuti wolemba malamulowo anali yemwe adzawatsate, monga amanenera akuluakulu kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Panalinso zina zomwe alendo ankakonda kujambula. Mitundu ya ntchito yoposa 80, yomwe inkachititsa kuti munthu akane kugwira chida choti si cha mtundu wa ntchito yake, inachepetsedwa n'kutsala yosafika 5. Malo apadera oimikapo magalimoto a mabwana anathetsedwa, kantini inakhala imodzi ya onse. Izi zinali zabwino, koma zikanakhala zokha palibe chikanasintha.

Chomwe chinagwira zonsezi pamodzi chinali pangano la ntchito. Wantchito aliyense wanzeru amadziwa kuti akathandiza kampani kupeza njira yogwirira ntchito ya anthu 6 ndi anthu 5, wachisanu ndi chimodziyo akhoza kukhala iye mwini kapena mnzake. Ndiye angaperekerenji maganizo? Mu mgwirizano wake ndi UAW, NUMMI inalemba kuti sidzachotsa anthu ntchito pokhapokha zinthu zitafika poti kampani yonse ikugwa, ndipo isanatero idzayamba yadula malipiro a mabwana akuluakulu ndi kubweza m'fakitale ntchito zomwe inkapereka kwa makampani akunja. Ambiri sanakhulupirire, ndipo anali ndi chifukwa, popeza anali atamvapo malonjezo ambiri. Mayeso anafika mu 1988. Nova sinkagulidwa, ndipo fakitale inkapanga pafupifupi 60 peresenti yokha ya magalimoto omwe ikanatha kupanga. Mwa chizolowezi cha makampani a magalimoto ku America, anthu mazanamazana akanauzidwa kuti akakhale kunyumba. NUMMI sinachotse ngakhale mmodzi. Omwe analibe chochita pa mzere anapita ku maphunziro, ena anaikidwa m'magulu okonza kagwiridwe ka ntchito, ena kukonzekera magalimoto atsopano. Kampani inataya ndalama chaka chimenecho, koma antchito anaona ndi maso awo kuti pepala lija silinali lonama. Kwa ine chaka cha 1988 ndicho pakati penipeni pa nkhani yonseyi, kuposa chingwe, kuposa ulendo wa ku Japan.

Zotsatira zake zinayezedwa ndi anthu akunja. Ofufuza a sukulu ya ukachenjede ya MIT anayerekeza mafakitale 3 mu 1987. Fakitale ya General Motors ya ku Framingham inkafuna maola 31 a ntchito kuti ilumikize galimoto imodzi, NUMMI maola 19, Takaoka maola 16. Pa magalimoto 100 aliwonse, a ku Framingham ankapezeka ndi zolakwika 135, pomwe a NUMMI ndi a Takaoka anali ndi 45. Kujomba kunatsika kuchoka pa 20 peresenti kufika pansi pa 4. Paul Adler, mphunzitsi wa za kayendetsedwe ka makampani yemwe anafunsa antchito ambiri a pamalopo, analemba kuti opereka maganizo okonzera ntchito anakwera kuchoka pa 26 peresenti mu 1986 kufika pa 92 peresenti mu 1991, ndipo onena kuti akukhutira ndi ntchito yawo anachoka pa 76 peresenti mu 1987 kufika pa 90 peresenti mu 1991.

Nambala ya 90 peresentiyi ndi yokoma, ndipo ndi pomwe ambiri amasiyira nkhani. Sitiyenera kusiyira pamenepo. Ambiri mwa anthu omwe ankayankha mafunsowa anali atadutsa m'zaka 2 zija zomwe fakitale inali yotseka. Ena anali atataya nyumba, mabanja ena anatha, ena anakagwira ntchito za malipiro ochepa kwambiri. Munthu wotere akabwerera ku malipiro a fakitale ya magalimoto, n'kufunsidwa ndi kampani yomweyo ngati akukhutira, yankho lake limakhala ndi chimwemwe ndi mantha pamodzi, ndipo pepala la mafunso silitha kuzisiyanitsa. Si onsenso akale omwe anabwerera. Ofuna ntchito anayesedwa masiku angapo, ndipo malamulo a kujomba ndi kuchedwa anali okhwima moti wobwereza kangapo ankachotsedwa. Gawo lina la kutsika kwa kujomba linachokera pamenepo.

Ntchito nayo inali yolemetsa. Mike Parker ndi Jane Slaughter, omenyera ufulu wa antchito omwe analemba zambiri zotsutsa njira imeneyi, ankaitcha kuyendetsa ntchito mwa kupanikiza. Mfundo yawo inali yakuti chingwe chija chili ndi mbali ziwiri. Malo omwe nyale yake siyakayaka amauza mabwana kuti pamenepo pali mpata, ndiye amachotsapo munthu kapena kuonjezerapo ntchito mpaka nyale iyambe kuyaka. Masekondi omwe kale munthu ankapumirako pakati pa galimoto ndi galimoto anatha. Popeza panalibe antchito apadera olowa m'malo mwa wojomba, munthu akadwala katundu wake ankagwera anzake a m'gulu, choncho woyamba kumuyang'ana ndi diso lofiira sanali bwana koma mnzake. Mkati mwa bungwe la antchito pa fakitalepo munadzuka gulu lotchedwa People's Caucus lomwe linkadandaula za liwiro la mzere, za kukondera posankha atsogoleri a magulu, komanso kuti atsogoleri a bungwe ayandikana kwambiri ndi mabwana. Pomwe fakitale inayamba kupanga mtundu watsopano wa Corolla mu 1992, ovulala manja, mapewa ndi misana anachuluka, ndipo mu 1993 nthambi ya boma la California yoona za chitetezo pantchito inaipeza kampaniyo yolakwa.

Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale otsutsawo sankapempha kubwerera ku masiku a General Motors. Ankafuna kuti kampani isunge zomwe inalonjeza, kuti kukoka chingwe kusakhale ndi chilango chobisika, kuti mawu awo amveke pa liwiro la mzere monga amamvekera pa malo oika bokosi la mabawuti. Dandaulo lotere ndi la munthu yemwe akuona kuti malowo ndi akenso. N'chifukwa chake ndimaona kuti kuchuluka kwa madandaulo pakokha sikuuza munthu ngati pantchito pali bwino kapena ayi. Madandaulo 5,000 a Fremont yakale anali miyala yogenda adani. A NUMMI ambiri anali okonza zinthu. Ndipo pali malo antchito ambiri omwe madandaulo kulibiretu chifukwa aliyense akuopa.

General Motors inali ndi phunziro lonseli m'fakitale yake yomwe, koma inatenga zaka zambiri kuti ilimve. Mkulu wa kampaniyo pa nthawiyo, Roger Smith, ankakhulupirira kuti yankho ndi makina, ndipo anathira madola mabiliyoni ambiri mu maloboti. Pa fakitale yatsopano ya Hamtramck, yomwe inatsegulidwa mu 1985 ku Detroit komwe kuli likulu la General Motors, maloboti ena ankapentana okhaokha m'malo mopenta magalimoto, pomwe NUMMI ndi makina ake wamba inkaiposa. Mamenejala 16 omwe kampani inawatumiza ku Fremont kukaphunzira atabwerera anamwazidwa m'maofesi osiyanasiyana, aliyense payekha pakati pa anthu osafuna kumva za Japan.

Pomwe anayesadi kukopera, anakopera zooneka ndi maso. Ku Van Nuys, fakitale ina ya ku California komweko yomwe inkapanga Camaro ndi Firebird, anayambitsa magulu ndi zingwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma mamenejala ankayesedwabe ndi chiwerengero cha magalimoto otuluka, ndiye wokoka chingwe ankaonedwa ngati wosokoneza. Antchito omwe anagwira zaka zambiri kuti afike pa ntchito yopepukirapo ankaona kuti kuchepetsa mitundu ya ntchito ndi kuwalanda chomwe anachivutikira, ndipo panalibe lonjezo lolimba la ntchito lowapatsa chifukwa choti alolere. Wantchito akapeza kuti kachipangizo kena kanapangidwa molakwika, uthenga wake unkafera m'njira usanafike kwa mainjiniya a ku Detroit, pomwe ku NUMMI unkafika kwa opanga chipangizocho n'kusinthidwa. Van Nuys inatsekedwa mu 1992.

Apa mpomwe makampani akuluakulu ambiri amaphonya akamakamba za chikhalidwe cha pantchito. Amachiika m'manja mwa ofesi yoona za antchito, yomwe imasindikiza mawu okoma n'kupachika pakhoma, kukonza tsiku la masewera, kugawa malaya a kampani, n'kutumiza mafunso kamodzi pachaka. Koma wantchito samaphunzira chikhalidwe cha kampani pakhoma. Amachiphunzira tsiku lomwe walakwitsa, tsiku lomwe wanena zomwe bwana sakufuna kumva, ndi chaka chomwe malonda agwa. Zinthu zitatu zonsezi sizili m'manja mwa ofesi imeneyo. Zili m'manja mwa omwe amasankha momwe kapitawo ayesedwere, momwe bonasi ya menejala iwerengedwere, ndi yemwe ayambe kumva kuwawa ndalama zikachepa. Bwana wa pansi akhoza kukhala munthu wabwino mtima, koma ngati malipiro ake akudalira kuti mzere usaime, sadzathamangira chingwe ndi nkhope yosekerera.

General Motors inadzaphunzira ndithu. Pofika zaka za m'ma 2000 inali ndi dongosolo lake lopangira magalimoto lotengera kwambiri la Toyota, ndipo magalimoto ake anali abwino kuposa kale. Koma nthawi inali itapita. Kampani yomwe cha m'ma 1980 inkagulitsa pafupifupi 45 peresenti ya magalimoto onse ku America inali itatsikira pafupi ndi 22 peresenti mu 2008. Mu June 2009 inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake, ndipo pokonzanso zinthu inatuluka mu NUMMI. Toyota inakana kuyendetsa fakitaleyo yokha. Galimoto yomaliza, Corolla, inatuluka pa 1 April 2010, fakitale itapanga magalimoto pafupifupi 8 miliyoni m'zaka 25, ndipo anthu pafupifupi 4,700 anataya ntchito. Pangano lomwe linapirira mu 1988 silinathe kuwateteza eni kampani awiriwo atasiyana, ndipo antchito omwe anachita zonse zomwe anapemphedwa ndiwo analipira zolakwa zomwe zinachitikira kutali ndi mzere wawo.

Mu May 2010 kampani ya Tesla inagwirizana zogula fakitaleyo pa mtengo wa madola 42 miliyoni, ndipo lero ikupangiramo magalimoto oyendera magetsi. Ena mwa antchito a NUMMI analembedwanso kumeneko. Mulibe bungwe la antchito. Mu February 2022 nthambi ya boma la California yoona za ufulu wa anthu pantchito inasumira Tesla kukhoti, ponena kuti antchito akuda pa fakitaleyo amasalidwa ndi kunyozedwa chifukwa cha khungu lawo, ndipo kampaniyo inakana mlanduwo.